Kulondola mapazi a chimvula: mmene mungawerengere data ya radar mu QGIS

Pa 14 Julayi 2021 kumadzulo kwa dziko la Germany kunagwa mvula yosalekeza. Pofika usiku, kamtsinje kotchedwa Ahr, kotalika makilomita 85 okha kuchokera ku Blankenheim mpaka pamene kamathira mu Rhine, kanali katadzaza chigwa chonse. Anthu opitirira 130 anafa m'chigwa chimenechi chokha, ndipo m'dziko lonselo anafa opitirira 180. Chipangizo choyezera kukwera kwa madzi pa Altenahr chinasiya kutumiza manambala chitasonyeza mamita 5.75, chonsecho mu 2016 madzi atafika mamita 3.71 anthu ankaona ngati ndiye mapeto.

Ndasankha mvula imeneyi kuti tiphunzirirepo chifukwa nthambi yoona zanyengo ya ku Germany, Deutscher Wetterdienst kapena DWD mwachidule, imapereka data ya radar ulere, popanda ngakhale kulembetsa dzina, ndipo mafayilo ake QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira ndi kusanthulira mapu, imawatsegula mosavuta. Manja akazolowera pamenepa, njira yomweyo tiitengera pa namondwe wa Freddy kumapetoku. Chimene tikufuna si mapu okongola ayi. Tikufuna kudziwa kuti mvula inagwa kuti, inayamba nthawi yanji, inayenda kapena inaima, ndipo madzi ake anatsikira mumtsinje uti.

Radar siyeza mvula

Musanadawunilode kanthu, mfundo iyi ikhale m'mutu, chifukwa zolakwa zambiri zimachokera pomwepa. Munthu ukafuula pafupi ndi phiri, mawu amabwerera. Radar nayo imaponya mafunde mumlengalenga n'kumvetsera amene abwerera atagunda madontho a mvula. Nthawi imene atenga kuti abwerere ikuuza kutalika kwa pamene pali mvulayo, mphamvu imene abwerera nayo ndiyo imalembedwa mu muyeso wotchedwa dBZ. Mamilimita amabwera pambuyo, kudzera mu masamu.

Vuto ndi lakuti dontho lalikulu limabweza mafunde mopitirira muyeso. Dontho likakula kawiri, madzi ake amachuluka ka 8, koma mafunde obwerera amachuluka ka 64. Choncho mtambo wa madontho akuluakulu ochepa ukhoza kuoneka woopsa kuposa mvumbi wa timadontho tambirimbiri umene ukutsitsa madzi ochuluka zedi. Samu yakale yodziwika ndi mayina a Marshall ndi Palmer imati Z = 200R^1.6, pamene Z ndi mphamvu ya mafunde obwerera ndipo R ndi mvula mu mamilimita pa ola. Ikagwiritsidwa ntchito, 30 dBZ ndi mamilimita pafupifupi 3 pa ola, 40 dBZ ndi 11.5, 50 dBZ ndi pafupifupi 49. Koma pa mvula ya kumadera otentha ndi ya anamondwe akatswiri a ku America amagwiritsa Z = 250R^1.2, ndipo 40 dBZ yomweyo imasanduka mamilimita pafupifupi 22 pa ola. Chithunzi chimodzi, mayankho awiri osiyana pafupifupi kawiri.

China ndi ichi: mafunde a radar amayenda mowongoka pamene dziko ndi lozungulira. Akaponyedwa motsika kwambiri, pa theka la digiri, pa makilomita 100 amakhala ali kale kilomita imodzi ndi theka m'mwamba, ndipo pa makilomita 200 amakhala atapitirira makilomita 4. Mvula yochokera m'mitambo ya m'munsi imagwa radar ikuyang'ana pamwamba pake.

N'chifukwa chake tigwiritsa ntchito data yotchedwa RADOLAN, mtundu wa RW. Iyi DWD inaphatikiza kale ma radar ake 17, n'kusandutsa dBZ kukhala mamilimita, kenaka n'kuwongola manambalawo ndi mageji, zipangizo zoyezera mvula pansi. Fayilo iliyonse ndi mvula ya ola limodzi, yogawidwa mu timabokosi ta kilomita imodzi mbali zonse, mizere 900 ndi mizati 900.

Konzani zipangizo ndi foda

Ikani QGIS pa kompyuta yanu. Ndi yaulere, ndipo sankhani mtundu wake wotchedwa LTR chifukwa susinthasintha. Zida zina zimene nditchule zinabwera mu 3.16, ndiye yakale kuposa pamenepo ikusiyani panjira. Ikani pulogalamu yomasulira mafayilo opanikizidwa monga 7-Zip.

Pangani foda imodzi ya ntchitoyi, m'kati mwake mafoda atatu: ya data yosakhudzidwa, ya zimene mukupanga, ndi ya mapu omaliza. Dzina la foda lisakhale ndi mipata kapena zilembo zachilendo, zida zina za m'kati mwa QGIS, zotchedwa GDAL, zimadana nazo. Izi zikuoneka zazing'ono, koma pofika madzulo mudzakhala ndi mafayilo oposa 50 ofanana mayina, ndipo QGIS ikakupangirani zosakhalitsa zimafufutika mukangoitseka.

Tengani data

Pitani pa opendata.dwd.de, lowani mu climate_environment, CDC, grids_germany, hourly, radolan, historical, kenaka asc. Sankhani chaka cha 2021 ndipo tengani fayilo ya mwezi wa 07. Mukaimasula mupeza mafayilo a tsiku ndi tsiku, nawonso opanikizidwa. Masulani a pa 14 ndi pa 15 okha.

Tsopano yang'anitsitsani mayina. Fayilo iliyonse ili ndi deti ndi nthawi yothera pa mphindi 50, monga 1550. Nthawi imeneyi ndi ya UTC, imene dziko lonse lapansi limayerekezerapo mawotchi ake, ndipo ikutanthauza mapeto a ola: 1550 ndi mvula imene inagwa kuyambira 14:50 mpaka 15:50 UTC. M'mwezi wa Julayi mawotchi a ku Germany amakhala patsogolo pa UTC ndi maola awiri, chimodzimodzi ndi athu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndiye 15:50 ndi 17:50 kwa munthu amene anaima m'mbali mwa mtsinjewo. Mukaiwala maola awiri amenewa mudzapeza kuti mvula ndi madzi a mumtsinje sizikugwirizana, n'kuyamba kupeka zifukwa zimene kulibe.

DWD imawerenga tsiku la mvula kuyambira 05:50 mpaka 05:50 UTC mawa lake. Kuti mudzathe kuyerekeza ndi mageji, sankhani mafayilo 24: kuyambira wa 0650 pa 14 mpaka wa 0550 pa 15. Awerengeni kawiri. Akoperani mu foda yawoyawo.

Tsegulani fayilo imodzi mu Notepad kuti muone mizere ya pamwamba. Muona ncols 900, nrows 900, cellsize 1000, ndi nambala yoimira malo opanda data, imene ndi -1. Manambala enawo ali mu magawo khumi a milimita: 87 ndi mamilimita 8.7. Amene sadziwa zimenezi amalengeza mvula ya mamilimita 1,500 pa tsiku limodzi.

Iuzeni QGIS kumene mafayilowa ali padziko

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi. Mukakokera mafayilo 24 aja mu QGIS, pambali pa dzina lililonse pabwera kachizindikiro ka funso. Mafayilowa sanena kuti manambala awo a malo ndi a dongosolo liti. Tsiku loyamba ine ndinangosankha EPSG:4326, dongosolo la latitude ndi longitude, poti ndi limene ndinazolowera, mvula yonse n'kusowa pa sikirini, ndipo ndinataya theka la tsiku ndikuganiza kuti data ndi yowonongeka.

RADOLAN ili ndi dongosolo lakelake, loona dziko ngati mpira kuchokera pamwamba pa nsonga ya kumpoto. Muyenera kulilemba nokha. Pitani ku Settings, Custom Projections, dinani chizindikiro chowonjezera, lembani dzina lakuti RADOLAN, sankhani Proj String, ndipo lembani izi ndendende:

+proj=stere +lat_0=90 +lat_ts=60 +lon_0=10 +a=6370040 +b=6370040 +units=m +no_defs

Sungani. Sankhani mafayilo onse 24 pamodzi, dinani batani lakumanja la mawusi, Layer CRS, Set Layer CRS, n'kusankha RADOLAN. Dziwani kusiyana kwake: apa simunasunthe kanthu, mwangouza QGIS chilankhulo chimene manambalawo akulankhula. Kusintha dongosolo ndi ntchito ina, ya chida cha Warp, ndipo tiichita pambuyo.

Kuti mutsimikize, pitani mu Browser, XYZ Tiles, kokerani OpenStreetMap pansi pa zonse. M'mphepete mwa data muyenera kuoneka ngati zozungulira zolumikizana zokuta Germany yonse n'kutulukira pang'ono ku Belgium, Netherlands, France ndi Poland. Zikakhala m'nyanja kapena ku Africa, bwererani ku mzere uja, mwina mwadumpha ziro. Polojekiti yonse muiike pa EPSG:25832, imene ndi ya mamita ndipo ndiyo imagwiritsidwa ntchito kumadzulo kwa Germany.

Mapu oyamba: mvula yonse ya tsikulo

Tsegulani Processing Toolbox, sakani Cell statistics. Pa Input layers ikani onse 24, pa Statistic sankhani Sum, pa Reference layer ikani iliyonse mwa izo. Pali kabokosi ka Ignore NoData values. Mukakachonga, malo amene radar inaphonya ola limodzi adzapatsidwabe nambala, koma yoperewera mwakachetechete. Mukakasiya, malowo adzakhala bowo. Ine ndimakonda bowo, chifukwa bowo limaoneka. Sungani ngati GeoTIFF, mtundu wa fayilo umene umasunga manambala pamodzi ndi malo ake padziko.

Kenaka Raster Calculator: fayilo yatsopanoyo muigawe ndi 10. Tsopano muli ndi mamilimita enieni. Ipititseni mu Warp kupita ku EPSG:25832, ndipo pa njira yosinthira siyani Nearest Neighbour kuti manambala asasalazidwe.

Pa mitundu, lowani mu Symbology, sankhani Singleband pseudocolor, Interpolation ikhale Discrete, ndipo malire muwalembe nokha: 10, 25, 50, 75, 100, 125, 150. Musalole QGIS ikusankhireni. Iyo imatenga nambala yaikulu ya fayilo iliyonse n'kuipaka mtundu woopsa, moti mvula yowaza ya mamilimita 4 imafiira mofanana ndi chimvula cha 40. Pansi pa mvulayo ikani mapu a mapiri: tengani data ya kutalika kwa nthaka ya SRTM, ya timabokosi ta mamita 30, ipangeni Hillshade kuti mapiri aoneke ndi mithunzi yake, mvula ija muichepetse kuti izioneka mbuu.

Muona lamba wa mvula yopitirira mamilimita 100 kuchokera ku mapiri a Ardennes ku Belgium, kudutsa Eifel ndi Köln, kulowera ku Sauerland. Uku n'kumene nyuzipepala zambiri zimathera. Ife tangoyamba.

Mapu atatu amene amaulula khalidwe la mvula

Mamilimita 100 akhoza kugwa m'maola awiri pa kadera kochepa, kapena m'maola 15 pa chigawo chonse. Yoyamba imadzaza ngalande za m'tauni ndi timifuleni, n'kuphwa msanga. Yachiwiri imakhutitsa nthaka, timitsinje tonse n'kufika mumtsinje waukulu nthawi imodzi. Mapu a chiwerengero chonse sasiyanitsa ziwirizi.

Pa oyamba mwa atatuwa, bwererani ku Cell statistics ndi mafayilo 24 omwe aja, koma tsopano sankhani Maximum, n'kugawa ndi 10. Awa ndi mapu a ola lamphamvu kwambiri pamalo alionse. Mu Raster Calculator gawani mapu amenewa ndi a chiwerengero chonse. Pamene yankho layandikira 1, mvula yonse inakhuthuka kamodzi, ndiye kuti inali ya mabingu yodutsa. Pamene latsikira cha ku 0.2 kapena pansi, mvula inakhazikika. Malo amene kunangowaza amasokoneza chithunzi, choncho achotseni pochulukitsa yankholo ndi mawu akuti chiwerengero chonse chipose 30. QGIS imalemba 1 pamene zili zoona ndi 0 pamene sizili.

Mapu achiwiri ndi a kuchuluka kwa maola. Pangani fayilo ya nambala imodzi ndi Create constant raster layer, kukula kwake ndi dongosolo lake zifanane ndi za RADOLAN, nambala ikhale 50, kutanthauza mamilimita 5 pa ola. Kenaka chida cha Greater than frequency chikuwerengerani kuti kabokosi kalikonse kanapitirira malire amenewo kangati mwa maola 24. Kwa ine awa ndiwo mapu ofunika kuposa onse pa mvula ya mtundu uwu. Ya pa 14 Julayi sinadziwike ndi ola limodzi loposa onse m'mbiri. Dera la mpweya wopepuka limene analitcha Bernd linkayenda mwaulesi, n'kumakokera chinyezi pamalo omwewo ola ndi ola, pa nthaka imene inali itanyowa kale ndi mvula ya masabata am'mbuyo, m'zigwa zopapatiza za miyala yosamwa madzi.

Achitatu ndi a nthawi. Chida cha Highest position in raster stack chimakuuzani kuti nambala yaikulu inapezeka mu fayilo yachingati. Onetsetsani kuti mafayilo ali mu ndondomeko ya nthawi musanadine Run, apo ayi zotuluka zake ndi zinyalala zooneka bwino. Mukapaka mitundu yotsatizana, muona ngati chimake cha mvula chinayamba kumtunda kwa mtsinje n'kutsika nawo, kapena chinachokera kumunsi n'kukwera. Zimenezi si zachibwana. Mvula yotsika ndi mtsinje imayendera limodzi ndi madzi ake, n'kumawonjezera pa mulu womwewo. Yokwera mtsinje imapatsa madzi akumunsi mpata wochoka akumtunda asanafike.

Ionereni ikuyenda

Pakani mitundu fayilo imodzi ya ola, malire akhale 10, 20, 50, 100, 200, 300 poti izi zikadali mu magawo khumi a milimita. Koperani sitayiloyo ndi Copy Style n'kuimata pa ena 23. Njira yachangu ndi kungoyatsa ndi kuzimitsa mmodzimmodzi. Njira yabwino ndi kulowa mu Properties, Temporal, kupatsa fayilo iliyonse nthawi yoyambira ndi yothera, kenaka kutsegula Temporal Controller n'kuika sitepe ya ola limodzi. Kulemba nthawi ka 24 n'kotopetsa, koma mukaonera kawiri katatu maso amagwira zimene tebulo silingakuuzeni: kumene mvula ikubadwira, kumene ikufera, ndi mbali imene ikungobwerezabwereza.

Ngati mukufuna nambala ya liwiro lake, chitani chonchi pa maola ochepa otsatizana. Mu Raster Calculator pezani malo oposa 100, asandutseni zigawo ndi Polygonize, fufutani tizidutswa ting'onoting'ono ndi zigawo za 0, pezani pakati pa chigawo chachikulu ndi Centroids, phatikizani madonthowo, lembani ola pa lililonse, n'kuwalumikiza ndi Points to path. Kutalika kwa mzere kugawa ndi maola ndiye liwiro. Koma chenjerani: chigawo chikagawika pawiri kapena ziwiri zikaphatikana, dontho lapakati limalumpha makilomita ambiri pamene mvula sinasunthe. Ndipo pa mvula ya mabingu yothamanga, data ya ola limodzi imaipaka ngati mzere wautali. Pamenepo pamafunika ya mphindi 5, imene DWD imaperekanso.

Madzi anapita kuti

Mtsinje sudziwa malire a boma. Chofunika ndi dera lonse limene madzi ake amatsikira mumtsinjewo. Malire a madera otere mungawatenge pa intaneti mu data yotchedwa HydroBASINS, kapena kuwajambula nokha kuchokera ku SRTM ndi zida za GRASS zimene zimabwera ndi QGIS. La Ahr ndi pafupifupi masikweya kilomita 900.

Tsegulani Zonal statistics, ikani malire aja ndi mapu a chiwerengero chonse, sankhani Mean ndi Max. Kenaka bwerezani pa maola onse 24 ndi Run as Batch Process, manambalawo muwakopere mu Excel kapena LibreOffice n'kujambula girafu ya mvula ola ndi ola. Samu yosavuta kukumbukira: milimita imodzi pa sikweya kilomita imodzi ndi malita 1 miliyoni, kapena makyubiki mita 1,000. Ndiye mamilimita 100 pa masikweya kilomita 900 ndi makyubiki mita 90 miliyoni. Si onse amafika mumtsinje, ena amalowa pansi, ena amatsalira m'nkhalango, koma nambala imeneyi imakupatsani denga. Wina akakuuzani madzi oposa pamenepo, mmodzi wa inu walakwitsa.

Ngati nthawi ilipo, gawani deralo m'timitsinje take n'kuyerekeza magirafu. Mukaona nsonga zawo zikugwera m'maola omwewo, mwapeza theka la chifukwa chimene madzi anakwerera mofulumira chotero.

Musakhulupirire musanafunse geji

Pa malo omwe aja a DWD, mu observations_germany, muli manambala a mageji a mvula pamodzi ndi mndandanda wa malo awo. Konzani tebulo la dzina, latitude, longitude ndi mvula ya pa 14 Julayi, lilowetseni ndi Add Delimited Text Layer pa EPSG:4326, kenaka Sample raster values ikulemberani nambala ya radar pambali pa ya geji iliyonse. Yambani ndi Köln-Stammheim, pamene panagwa pafupifupi mamilimita 154 m'maola 24. Chotsani nambala ya geji ku ya radar ndipo pakani madonthowo mitundu iwiri, wina wa pamene radar yaperewera, wina wa pamene yapitirira.

Sizidzafanana ndendende, ndipo siziyenera kutero. Kukamwa kwa geji ya ku Germany ndi masikweya sentimita 200, pamene kabokosi ka radar ndi sikweya kilomita yathunthu, kukula ka 50 miliyoni. Chimene mukusaka si kusiyana kwa apa ndi apo koma kusiyana kokhala ndi dongosolo: madontho onse a dera limodzi kuperewera, kapena kuperewera kukula pamene mvula yakula. Kumbukiraninso kuti RW inawongoledwa kale ndi ena mwa mageji omwewa, ndiye kugwirizana kwake kuli ngati mboni imene ndi mbale wa woimbidwa mlandu. Mukapeza mageji a eni ena, monga a mabungwe oyang'anira mitsinje, amenewo ndiwo mayeso enieni.

Pali zipsera zingapo zimene mudzazizindikira mukazolowera. Mizere yowongoka yochokera pamalo amodzi ngati masipoko a njinga ndi phiri kapena nsanja imene yatchinga mafunde, kapena zipangizo za Wi-Fi zimene zikulankhula pafupi ndi 5 GHz, pomwe ma radar a C-band ngati a DWD amagwirira ntchito. Mkombero wowala wozungulira radar ndi pamene mafunde adutsa mu chipale chimene chikusungunuka m'mwamba. Kadontho kosasuntha maola onse ndi phiri kapena makina opangira magetsi ndi mphepo. Mzere wodula pakati pa mvula ndi msoko wa ma radar awiri. Ndipo kuseri kwa chimvula champhamvu kumaoneka ngati kulibe kanthu chifukwa mafunde athera m'njira. Ikani pa mapu anu malo a ma radar a Essen ndi Neuheilenbach, amene ali pafupi ndi dera lathuli, kuti muone ngati chimene mukuchitcha khalidwe la mvula sichikungoloza kumene kuli radar. Matalala nawo amanamiza, amabweza mafunde ngati chigumula pamene madzi ake ndi ochepa.

Kutengera njirayi pa Freddy

Namondwe wa Freddy anakhala masiku 36, anawoloka nyanja ya Indian yonse kuchokera kufupi ndi Australia, ndipo pa 11 Malichi 2023 analowa kachiwiri mu Mozambique cha ku Quelimane. Masiku otsatira mvula inakhazikika kummwera kwa Malawi. Napolo anatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, wina anatsika m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa. Funso lake ndi lomwe lija la Ahr: inaima pati, kwa maola angati.

Data imene aliyense angaipeze pa dera lathu ndi IMERG, yochokera ku ntchito ya GPM ya NASA ndi JAXA ya ku Japan. Setilaiti yaikulu ya ntchitoyi inaulutsidwa mu Febuluwale 2014 ndipo inanyamula radar, koma imadutsa pamalo mwa apo ndi apo. IMERG imasonkhanitsa zoyeza za masetilaiti ambiri, n'kuziwongola ndi setilaiti yaikuluyo, n'kutulutsa chithunzi mphindi 30 zilizonse. Ndiye ndi msuweni wa radar, osati radar yeniyeni, ndipo pa mapu anu muzilemba choncho.

Tsegulani akaunti yaulere ya NASA Earthdata. Mu Giovanni, tsamba la NASA la pa intaneti loonerapo data, sankhani IMERG ya theka la ola, jambulani bokosi, ikani masiku a 11 mpaka 15 Malichi, ndipo mapu ake mungawatenge ngati GeoTIFF. Mafayilo a nthawi iliyonse payekha ali ku GES DISC, malo a NASA osungirako data, kumene mungadule dera lanu lokha kuti bandulo isathe. Pali mitundu itatu: Early imatuluka patapita maola pafupifupi 4, Late pafupifupi 14, Final patapita miyezi itatu ndi theka itawongoledwa ndi mageji. Pa nkhani yakale ngati iyi tengani Final.

Zosintha ndi izi. Dongosolo ndi EPSG:4326, ndipo poyeza makilomita gwiritsani EPSG:32736. Manambala a theka la ola ali mu mamilimita pa ola, choncho mukawaphatikiza muchulukitse ndi 0.5, apo ayi mvula ichuluka kawiri. Tsiku limodzi ndi mafayilo 48. Mafayilo a HDF5 ndi NetCDF nthawi zina amatseguka atagona chammbali, ndiye yang'anani kaye ngati mvula ya pa Mulanje ilidi pa Mulanje. Bokosi lanu lisathere pa malire a dziko: mtsinje wa Ruo, umene umathira mu Shire pa Chiromo, umatenganso madzi a mbali ya Milange ku Mozambique, ndipo mukadula mbali imeneyo manambala a ku Nsanje sadzamveka.

Chachikulu ndi kukula kwa timabokosi. Ka IMERG ndi 0.1 digiri, pafupifupi makilomita 11 mbali zonse, malo okwana timabokosi ta RADOLAN topitirira 100. Phiri la Soche ndi Chilobwe yense zikhoza kukwana m'kabokosi kamodzi kapena awiri. Musayese kunena kuti mbali iyi ya phiri inalandira mvula yambiri kuposa inayo, data singayankhe zimenezo. Komanso masetilaiti amaona bwino mitambo italiitali yokhala ndi ayezi pamwamba, koma amaperewera pa mvula yofunda imene imapangika mphepo yachinyezi ikakwera phiri, yofanana ndi ya chiperoni. Pa Mulanje, pamene Sapitwa yafika mamita 3,002, ndi pa Thyolo, yembekezerani kuti IMERG itsalira m'mbuyo mwa geji. Choncho pa Freddy dalirani kwambiri mapu a kuchuluka kwa maola ndi a nthawi ya chimake kusiyana ndi mamilimita enieniwo.

Manambala a mageji a kuno amasungidwa ndi nthambi yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, ndipo minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo imayezanso mvula yawo. Mukawapeza, funsani kuti gejiyo imawerengedwa nthawi yanji komanso nambalayo imalembedwa pa tsiku lowerengera kapena la dzulo lake. Ngati ndi 8 koloko m'mawa, imeneyo ndi 06:00 UTC, ndiye mafayilo anu 48 ayambire pa 06:00 UTC, osati pakati pa usiku. Data ina ya mvula yotchedwa CHIRPS, ya timabokosi ta 0.05 digiri ndipo yoyambira 1981, ingakuthandizeni kuona mmene nthaka inalili itanyowa masabata a m'mbuyo, koma ndi ya tsiku lathunthu, siingakuuzeni za maola.

Pomaliza mapu mu Print Layout, pansi pake lembani dzina la data ndi mtundu wake, nthawi yoyambira ndi yothera pamodzi ndi mawu akuti UTC kapena nthawi ya kuno, kukula kwa kabokosi, ndi chiwerengero cha mageji amene mwayerekeza nawo. Malo opanda data muwapake mtundu wotuwa wosiyana ndi wa malo amene mvula sinagwe, ndipo pa mapu a IMERG musasalaze timabokosi, tisiyeni tioneke ndi makona ake.